Chithunzi cha Enelesi pa Chipata

Usiku wathawu ndalota ndili pa mzere, aNangondo, ndipo musandidule mawu mpaka ndimalize. Nanunso aNachisale, manja azisenda mtedzawo, makutu okha ndiwo abwere kuno.

Mzere wake unali wa pa chipata cha m'malire, koma osati chipata chimene timachidziwa tonsefe. Ichi chinali pakati pa munda wa fodya wouma, dzuwa lili paliwombo, popanda ndi kamthunzi komwe. Ndinali pa ulendo wopita kwa Enelesi, mwana wanga wachitatu uja anakwatiwa ku Mozambiki. Apa ndiyambe ndanena mbali imene si maloto. Lolemba lapitali Enelesi ananditumizira chithunzi pa foni, chithunzi cha bere lake lakumanzere. Pali chotupa, khungu lachita timaenjemaenje ngati la lalanje, nsonga yalowa m'kati. Pansi pake analemba kuti, "Amayi, inu munali mzamba, onani nokha. Musaonetse munthu. Ngakhale bambo a ana sakudziwa." Ine ndagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ku chipatala cha mishoni, ndikudziwa chimene ndinaona. Chinthu chotere sichidikira kuti uyambe wakolola. Ndiye m'malotomo ndimathamangira kukamutenga, ndimufikitse kwa dokotala.

Koma mzerewo sumayenda. Bambo amene anali patsogolo panga anali ataima kwa nthawi yaitali, mpaka chiswe chinamanga dothi kufika m'mawondo mwake. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mwafika liti pano?" Iye anati, "Mvula isanayambe." Ndinati, "Ya chaka chiti?" Anangoyang'ana kutsogolo.

Ndiye ndinayang'ana pa khoma la ofesiyo. Panali chipepala chija timapachika ku sikelo, cha mayi akuyamwitsa mwana. Koma pachifuwa pa mayiyo anali atapakapo phula, bii! Mwana wa pa chipepalayo anali atawonda, nthiti zili pamtunda, mutu wokha ndiwo waukulu. Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Agogo, muli ndi kaphala?"

"Iwe, ndiwe mwana wa papepala. Udya bwanji phala?"

"Kale ndinkayamwa," anatero. "Anabwera ndi burashi."

Mayi wina kumbuyo kwanga anali ndi chitini cha mkaka waufa m'dengu. Ng'ombe yojambulidwa pa chitinipo inali itavekedwa kamisolo, ndipo imalira motsitsa ngati yafedwa. Ine ndinati zamkutu izi, ndilibe nazo nthawi.

Mwadzidzidzi ndinamva kunjenjemera pachifuwa. Mukudziwa kuti foni ndimaisunga m'kamisolo, kuopa akuba a m'basi. Inayamba kunong'ona ndi mawu a kamtsikana.

"Mayi, musandipereke."

"Khala chete iwe. Ndinakugula kuti ndiziyankhulira, osati uzindiyankhula."

"Zimene ndasenzazi si zanu zokha."

"Ndati chete!"

Ndiye sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, ndinangopezeka ndili pa zenera, mzere wonse uli kumbuyo kwanga. Kuseri kwa zeneralo kunali mnyamata waukhondo, yunifolomu yosita bwino, wamsinkhu wa mwana wanga womaliza. Anandipatsa moni mwaulemu ndithu. Anatenga chiphaso changa, n'kuyamba kutsegula tsamba limodzi. Dzanja lake limapita kutsogolo, n'kubwerera, n'kupitanso, n'kubwerera. Ndikuyang'ana choncho, diso lake lakumanja linatembenukira kudenga, lakumanzere lili pa ine. Khungu linayamba kubiriwira, zala zinagwirana ziwiriziwiri. Kapusi yokha ndiyo inatsala ya munthu. Anali bilimankhwe.

"Agogo, pali lamulo latsopano," anatero. "Tikuyang'ana m'mafoni monse. Tikufuna zolaula. Dziko laonongeka."

"Ine ndi zolaula? Mwana wanga, ndiyang'ane bwino. Imvi izi ukuziona?"

"Ndikuziona ndi diso ili. Linali likufuna foni. Mukhoza kukana, agogo, ufulu ulipo. Okana amakhala pa benchi apo, amadikira abwana aakulu kuti adzawaonetse pamene lamulolo linalembedwa."

"Abwanawo abwera nthawi yanji?"

"Amabwera."

Ndinacheuka. Pa benchipo panakhala bambo mmodzi yekha wa mandala, wooneka ngati mphunzitsi wopuma, foni yake ataifumbata ndi manja awiri ngati mwanapiye. Amangobwereza mawu amodzimodzi, osakweza: "Ndionetseni lamulolo. Mundiuze amene aone, ndi kumene zipite mukaona." Benchilo linasuntha mwendo umodzi n'kundiitana.

"Bwerani mayi, malo alipo. Mukakhala awiri ndimalemera, amandimva."

Ine ndinafwenthera kumbali. Mumtima ndinati, awa ndiwo anthu ophunzira kwambiri, kukonda milandu pa zinthu zazing'ono. Mwana wanga akudwala uko, ine ndizikhala pa thabwa kudikira munthu wosadziwika tsiku lobwera? Mukundidziwa, aNangondo, sindimakonda zochedwetsana. Ndinapisa dzanja m'kamisolo, ndinatulutsa foni ija ikulira ngati kamwana kobayidwa jekeseni, ndinaiponya pa kauntala.

"Tenga. Ine ndilibe chobisa."

"Nambala yotsegulira, agogo?"

Ndinaitchula. Mokweza, ngati ndikuwerengera ana a sukulu ya mkaka. Palibe anandikakamiza, palibe anandigwira pakhosi. Ndinatchula ndekha.

Ndiye foniyo inatseguka ngati chitseko cha khola, zinthu zinayamba kutuluka zikuyenda pa kauntala. Inatuluka nyimbo ya kwaya ya amayi, ikudziimba yokha. Inatuluka mbuzi yanga ija ndinaijambula itathyoka mwendo, ikutsimphina. Anatuluka maliro a mlongo wanga, tianthu tating'onoting'ono titasenza kabokosi. Anatuluka mawu amene ndinakalipira mkamwini wanga chaka chatha, akadali otentha, mpaka anawaula pepala la pa tebulo. Bilimankhwe amangoyang'ana, diso uku, diso uko. Pomalizira chinatuluka chithunzi cha Enelesi, chikukwawa chafufumimba, chikufuna kubisala pansi pa chiphaso changa.

Lilime linatuluka. Lalitali, lomata. Linachigwira, thapu!

"Ichi n'chiyani, agogo?"

"Ndi matenda amenewo. Mwana wanga akudwala. Bweza."

"Ine ndikuona bere."

"Yang'ana chotupacho! Ukuona khungulo? Ine ndine mzamba, ananditumizira kuti ndimuthandize."

"Za matenda ndi ofesi ina. Ife tinaphunzitsidwa kuzindikira bere. Ili ndi bere." Thupi lake lonse linasanduka lofiira, psuu. "Nkhaniyi yandikulira. Ipita ku komiti."

Mwadzidzidzi pansi panapendekeka ngati mbale, ndinatsetsereka, ndinakagwera m'chinyumba chachikulu. Mabenchi ake anali a m'tchalitchi, koma fungo linali la m'zinyumba zoonetsera kanema pa msika, thukuta ndi fumbi. Kutsogolo kunali tebulo lalitali ndi chikwangwani: KOMITI YOTETEZA MAKHALIDWE. Anakhalapo amuna asanu a masuti, ooneka olemekezeka, ena ndi timabaji pachifuwa. Wapampando anaimirira kuti atsegule ndi pemphero. Atangoti "Tipemphere", msana unatsika kumbuyo, mapewa anakwera, khosi linatupa, dovu linayamba kuyenderera pa tayi. Fisi. Wachiwiri wake anali nyani, akudzikanda m'khwapa ndi cholembera. Mlembi anali nungu, amazula munga pamsana pake n'kulembera. Awiri a kumapeto anali miimba, makosi opanda nthenga atatuluka m'makolala oyera.

"Amen," anatero fisi, palibe ndi pemphero lomwe. "Tione umboni."

Anapachika nsalu yoyera, yaikulu ngati khoma la sitolo. Ndiye bere la mwana wanga linaonekera pamenepo, lalikulu kuposa nyumba yanga. Chipsera chimene anapsa ndi phala ali ndi zaka zinayi, icho. Kadontho kakuda kamene anabadwa nako, ako. Ine ndi amene ndinkamusambitsa mwanayo.

"Chotsani! Mwaona kale, chotsani!"

"Agogo, khalani pansi," anatero fisi, maso ali tong'o pa nsalu. "Tiyenera kuonetsetsa. Tikapanda kuonetsetsa, tidziwa bwanji kuti anthu sayenera kuona?"

"Zoona, apampando," anatero nyani. "Ine mbali ya kumanzereko sindinaione bwino. Tabwezani."

"Kodi tingati ndi zolaula zenizeni, kapena zolaula pang'ono?" unafunsa muimba wina.

"Zimenezo zimafuna masiku atatu."

Nyani anatulutsa foni yake m'thumba la jekete, n'kujambula. Ndinakuwa kuti, "Inu, mukuchita chiyani?" Anati, "Ndikusunga umboni, ungatayike." Miimba nayo inatulutsa mafoni. Nungu anajambula kawiri, akuti china n'cha mu faelo, china n'cha kunyumba poti ntchito ina amakamalizira kumeneko. Pa mazenera panatera akhwangwala, aliyense ndi kachithunzi kukamwa, kenako balala! Ena kum'mawa, ena kumadzulo. Ndinathamangira zenera limodzi kuti nditseke, atatu anatulukira linalo.

Ndiye fisi anaomba m'manja. "Tsegulani zitseko. Anthu alowe, aone chimene boma laletsa, kuti asadzachione."

Analowa, anzanga. Mzere wonse uja unalowa, ndi bambo wachiswe uja akukoka dothi lake. Kumbuyo kwawo kunalowa anthu owadziwa. Mwamuna wa Enelesi, chipewa chili m'manja. Apongozi ake aamuna a Enelesi, munthu amene mwana wanga amamugwadira patali, sanadyepo naye mbale imodzi, anawakhazika kutsogolo penipeni. Akuluampingo. Ana ake a Enelesi atavala yunifolomu ya sukulu. Pomalizira analowa malemu amuna anga, bambo ake, atavala jekete limene tinawaika nalo, dothi likugwa m'matumba. Anayang'ana pa nsalu kamodzi, n'kuphimba nkhope ndi manja. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Ndiye chithunzicho chinayankhula. Mawu a Enelesi, aja amayankhula akatopa.

"Amayi, si ndinati inu nokha?"

"Mwana wanga, ndimafulumira. Ndimathamangira iwe."

"Akumenyani?"

"Ayi."

"Anakulandani?"

M'chinyumba monsemo mumangomveka dovu la fisi likudontha pa tebulo.

Pamenepo mtima unandiyaka. Ndinati, ana opanda mwambo inu, lero mundiona. Mukudziwa, aNachisale, kuti nkhalamba ikafika povulira munthu, ndiye kuti zatha. Wovuliridwayo sadzaonanso mwayi, ngakhale atalima pa dambo. Kwathu mnyamata amathawa kulumpha mpanda akangoona gogo wagwira mfundo ya chitenje. Ine sindinachitepo chiyambire, koma apo ndinapita kutsogolo kwa tebulo lawo, ndinamasula chitenje, ndinavula bulauzi, ndinataya kamisolo pansi.

"Mukufuna mabere? Nawa! Anayamwitsa ana asanu ndi awiri awa. M'basi, m'tchalitchi, pa maliro, pa mzere wa chigayo, palibe anandipakapo phula. Yang'anani, tsoka likutsateni mpaka ku manda!"

Ndinadikira kuti athawe. Ndinadikira kuti wina agwade, anene kuti pepani agogo.

Palibe anatembenuka. Fisi anangopendeketsa mutu chifukwa ndimamutchinga.

"Tasunthani pang'ono, mayi."

Nungu anatsegula chibuku chake, ananyambita chala, anatsegula masamba, anatsegula, n'kupukusa mutu. "Zimenezo mulibe m'buku muno. Ife anatituma za m'mafoni. Ngati mukufuna tiziweruze, zijambuleni kaye."

Chitenje changa chinakwawa pansi ngati njoka, chinakwera m'miyendo mwanga, n'kudzimanga chokha m'chiuno. Chinandinong'oneza kuti, "Tiyeni mayi, valani. Temberero limagwira munthu wamanyazi. Muno mulibe."

Ndiye anagamula. Fisi anaimirira, anapukuta kukamwa ndi tayi. "Komiti yapeza kuti chinthuchi n'choopsa kwa ana ndi kwa anthu ofooka mtima. Chiphimbidwe." Miimba inabwera ndi chidebe cha phula lotentha ndi burashi ya laimu, inapaka pa nsalu paja kuyambira kumwamba mpaka pansi. Utsi unanunkha ngati msewu watsopano. Kenako chidindo chinadumpha chokha kuchoka pa tebulo. Chinali ndi mwendo umodzi, chimayenda chodumphadumpha. Chinadinda pa phulapo, chinadinda pa foni yanga, chinadinda pa chiphaso.

"Mwamasuka, agogo," chinatero. "Mwaona? Mukagwirizana nafe sizichedwa."

Anandibwezera foni. Inali yozizira, yopepuka ngati chikhokhombe cha nkhono. Ndinaiitana, sinayankhe.

Mwadzidzidzi ndinali panja, pa malire penipeni. Malirewo anali chingwe cha sisala chomangirira ku zitsa ziwiri, basi. Ndinachidumpha ngati mwana. Ndinacheuka kamodzi: bambo wa mandala uja anali pa benchi pompaja, foni ili m'manja mwake, yosatsegulidwa. Dzuwa limamuotcha, milomo itauma, koma akhwangwala samamuyandikira.

Ndiye ndinathamanga. Njira imadzipinda yokha ngati mphasa kuti ndifike msanga, ndipo ndinapezeka pa khonde la chipatala. Enelesi anali atakhala pansi, atatsamira chipilala, miyendo atatambasula. Wawonda. Ndinagwada, ndinati, "Ndafika mwana wanga, tiye tilowe." Ndinatsegula bulauzi yake kuti ndione pamene chafika chotupacho.

Phula. Kuyambira pakhosi mpaka pa mchombo, bii, louma gwa. Pamwamba pake chidindo chofiira: ZOLETSEDWA.

Dokotala anatuluka. Uyu anali munthu ndithu, mtsikana wa nkhope yachifundo, chopimira chili m'khosi. Anawerama, anawerenga chidindocho, n'kubweza manja kumbuyo.

"Pepani amayi, pamenepa sindingaone. Patsekedwa ndi a ku chipata."

"Adokotala, chotupa chili pansi pomwepo. Ndinachiona ine. Khungu ngati la lalanje, nsonga yalowa. Mukudziwa tanthauzo lake."

"Ndikudziwa. Muli ndi chithunzi?"

Ndinatulutsa foni. Phula.

"Ndiye mukatenge kalata ku komiti yondiloleza kuyang'ana."

"Imatenga masiku angati?"

"Amene anapita chaka chatha sanabwere."

Ndinayamba kukanda phula lija ndi zikhadabo. Ndimakanda, limatuluka lina pansi. Ndinatenga supuni, inapindika. Ndinatenga mpeni wosendera mbatata, unathyoka. Zikhadabo zinazuka, magazi anga akuyenderera pa phulapo, ndipo pansi pake ndimamva chinthu chija chikukula, chikugunda ngati mtima wachiwiri. Enelesi samalira. Anandigwira dzanja n'kuliika pa mwendo pake, ngati iye ndiye mayi.

"Lekani amayi, mudzipweteka. Dziko lonse laona kale. Watsala dokotala yekha."

Ndiye kumbuyo kwanga ndinamva chikubwera. Chidindo chija, chatitsatira kudumpha malire, chikudumpha pa simenti ya khonde. Kho! Chinadinda chitseko cha dokotala. Kho! Chinadinda pakamwa pa Enelesi. Chinatembenukira kwa ine. Kho! Kho! Kho!

Ndinadzidzimuka. Kunja kutayera kale, ndipo anali a Chikhadwe, mmisiri wa zidebe uja, kuseri kwa mpandaku, akukhoma ndowa ya munthu pa chitsulo chawo chija. Kho, kho, kho.

Ndinapisa dzanja pansi pa pilo. Foni ilipo, chithunzi chilipo, palibe phula. Ndinachiyang'ana komaliza, bwinobwino, mpaka ndinachisunga m'mutu, kenako ndinachifufuta. Ndinamuimbira Enelesi, ndinati konzeka, mawa ndikubwera, Lachisanu tikhale tili pamaso pa dokotala, ndipo usatumizenso chinthu chotere pa foni, ngakhale kwa ine. Anati, "Bwanji amayi, mwaonetsa munthu?" Ndinati ayi, sindinaonetse munthu. Ndipo pa chipata chenichenicho mawa, wina akati tione foni, ndikakhala pa benchi. Andionetse pamene zinalembedwa, andiuze amene aone. Kaya basi indisiya, ndikwera ina.

N'chifukwa chake ndinakuitanani, kuti mundisungire nkhuku ndi mbuzi ija mpaka ndibwere. Ndimafuna kunena zokhazo. Za nkhuku.

Mwasiyiranji kusenda? Mukundiyang'ana chiyani?

Ee. Ndaona. Mwana anati musaonetse munthu, ine ndakhala pano ndafotokoza zonse, mbali yake, khungu lake, mpaka kadontho kobadwa nako. Palibe fisi pano, palibe wandifunsa nambala. Ndatsegulanso ndekha.

Basi, zatuluka, sindingazimeze. Koma inu muchite bwino kuposa ine. ANangondo, amuna anu asamve. ANachisale, Lachinayi ku msonkhano wa amayi musakaimirire n'kunena kuti tiyeni timupempherere mwana wa mnzathu amene ali ndi vuto la pachifuwa. Ndikukudziwani. Mukafuna kupemphera, pempherani chamumtima, Mulungu si wogontha. Wina akakufunsani kuti Nakwenda wapita kuti, muziti wapita kukaona zidzukulu. Mwini wake akadzafuna kuti anthu adziwe, adzanena ndi pakamwa pake. Mwandimva?